Makalata a omvera: adokotala a pa foni

Takulandiraninso omvera, lero makalata ambiri akukamba za kuonana ndi adokotala pa foni, ndiye tisachedwe.

Yoyamba ndi ya mayi wina amene wati tisamutchule dzina. Akuti: "Achimwene apawailesi, kwathu kuno chipatala chili kutali zedi ndipo dokotala amabwera mwa apo ndi apo. Mwana wanga wa zaka 2 anatentha thupi nkumakhosomola ndiye ndinaimbira azaumoyo, koma mmalo mondiuza mankhwala anati ndimuvule malaya ndiwerenge mmene akupumira pa miniti imodzi, nditati 46 basi akuti nyamukani mupite naye kuchipatala. Nanga phindu lake nchiyani poti ulendo ndi womwewo?"

Pepani mayi, koma anthu amenewa anakuthandizani kwabasi. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kupitirira pa miniti ali phee osalira, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo mwina ndi chibayo, wa miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi 50. Wanuyo 46, ndiye mukanafuna anene chiyani? Akanangoti mpatseni panado mugone bwenzi mukuwayamika lero, koma chibayo sichimva panado. Munthu ali pa foni uja alibe maso, alibe manja, sangamvetsere mchifuwa, sangatenge magazi nkuyeza malungo, maso ake ndinuyo, nchifukwa chake amafunsa mafunso mpaka kukutopetsani. Ndipo enanu mumve, mwana akakomoka, akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, nthiti zikamalowa mkati popuma, musatayenso nthawi kusaka netiweki, nyamukani. Chimodzimodzi mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi.

Ina iyi ndi ya abambo achikulire: "Ine ndili ndi BP, mwana wanga anandigulira kamakina koyezera, ndimatumiza manambala kwa anesi pa WhatsApp nkumandiyankha. Koma anzanga akuti izi nzachibwana, dokotala weniweni amakugwira."

Bambo, anzanuwo asakusokonezeni. Matenda ngati BP ndi shuga ndi amene foni imathandiza kwambiri chifukwa chofunika nkulondoloza manambala, osati kuyenda mtunda wonse uja kukangomva kuti pitirizani mankhwala omwewo. Ingoyezani mutakhala pansi nkupuma kaye mphindi 5, mulembe mkabuku ndi tsiku lake, tsiku loti mukaonekere kuchipatala musalumphe.

Ndipo zoti nzatsopano ayi ndithu, zinkachitika kalekale pa wailesi kkkk. Ku Australia, kumene midzi ina ili motalikirana koopsa, mbusa John Flynn anayambitsa madokotala oyenda pa ndege mu 1928, ndipo mu 1929 Alfred Traeger anabweretsa wailesi yotumizirana mauthenga, yopalasa ngati njinga kuti ipeze magetsi. Kenako mabanja akutali anayamba kusunga bokosi la mankhwala olembedwa manambala, dokotala ali kutali nkumangoti tengani nambala yakuti, imwani chonchi. Ine ndikaganiza munthu akupalasa thukuta kamukamu kwinaku akufuna dokotala ndimati ife odandaula za kuchaja foni tili bwino.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wina: "Ndili ndi vuto lakumalo obisika koma foni timabwerekana ndi achemwali, ndikuopa aona."

Iwe mchemwali wanga, imba mmalo molemba mameseji, upeze malo poti palibe akumva, ukamaliza ufufute nambalayo. Zithunzi za thupi lako usatumize kwa munthu wongodzitcha dokotala pa Facebook, makamaka uja amayamba ndi kufunsa ndalama asanakufunse kuti chikupweteka nchiyani. Nambala yoona ukaifunse kwa azaumoyo a mdera lako. Ndipo vuto ngati limenelo nthawi zambiri limafuna kuyezedwa, ndiye akakuuza kuti ubwere, upite, anesi anaona zambiri sangadabwe ndi zako.

Nthawi yatithera, otsalawa tiwerenga sabata yamawa.