Ng'anjo ya magalasi sazimitsa usiku, nachi chifukwa chake

Takulandirani abale anga, tili kuno ku Blantyre. Botolo ndanyamulali linapangidwa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,500. Mchenga, soda ash (ufa woyera wothandiza mchenga kusungunuka) ndi miyala ya laimu, zonse m'ng'anjo, zisungunuke, basi. Apo tisachedwepo. Nkhani yathu ndi yakuti fakitale ingachepetse bwanji gasi kapena mafuta amene imaotcha.

Koma kaye, pali bodza lina limandiwawa. Ati, "Bwanji osamazimitsa usiku n'kuyatsa m'mawa?" Iyayi, achimwene! Si mbaula iyi. M'katimo muli galasi losungunuka lolemera matani mazanamazana. Mukazimitsa, lonselo liuma gwa. Njerwa zapadera za m'makomamo zikazizira mwadzidzidzi zimang'aluka. Ndiye kuyatsanso kwake, moto amaukweza pang'onopang'ono kwa sabata kapena kuposerapo, gasi akungopsa, botolo ngakhale limodzi osatuluka. Mwapulumutsapo chiyani? Ng'anjozi zimayaka usana ndi usiku kwa zaka 10 kapena kuposa. Ngakhale makina oumba mabotolo ataima, moto sauzimitsa. Amene anakuuzani zozimitsazo mumutumizire vidiyoyi, ndipo ngati simunadine subscribe, dinani pompano, ndikudikira.

Tsopano zothandizadi. Choyamba, zidutswa za magalasi akale. Zimasungunuka msanga kuposa mchenga, moti mukawonjezera 10 peresenti ya zidutswa, mphamvu yofunika imatsika ndi pafupifupi 3 peresenti. Mabotolo osweka aja timangowaponda m'ngalande ku Ndirande ndi ku Limbe, kwa a fakitale ndi chuma. Bola asankhidwe bwino: kachidutswa ka kapu yadothi kakalowamo sikasungunuka, botolo limatuluka lopunduka.

Chachiwiri ndiye chimandisangalatsa: regenerator, nzeru ya katswiri wa ku Germany, Friedrich Siemens, ya mu 1856. Utsi wotentha usanathawire kunja umadutsa m'chipinda chosanjamo njerwa, njerwazo n'kutentha. Pakatha mphindi ngati 20 amatembenuza njira, mpweya wozizira wopita kumoto n'kulowera m'njerwa zomwezo, kukafika pamoto utapitirira kale madigiri 1,000. Kutentha kotayika kwabwerera kuntchito!

Chachitatu, kuyatsira okosijeni yekhayekha m'malo mwa mpweya wamba. Mpweya tikupumawu, 78 peresenti ndi nayitrojeni, amene amangoba kutentha n'kutuluka nako. Koma okosijeniyo kupanga kwake kumadya magetsi, ndiye ndi kuzimazima kwa kuno, werengerani kaye.

Chachinayi, matani ming'alu ya ng'anjo kuti kutentha kusathawe. Sabata yamawa tikamba za ng'anjo zamagetsi, dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.