Mukapita ku maliro ku Malawi, ntchito itsala m'manja mwa ndani?

Moni abale anga a kuno ku Harare, Zimbabwe, ku Mbare, Mufakose, Highfield, Epworth ndi kulikonse kumene mukutionera.

Tiyerekeze foni yalira pakati pa usiku, amalume atisiya ku Mulanje. Kukucha muli pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, basi ilowera ku chipata cha Nyamapanda, idutsa Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Mukakhala kumudzi masabata awiri. Nanga malo anu opalira matabwa ku Glen View Area 8 aja? Ambiri timadziwa zimene zimachitika. Muli pasiwa, anthu akuimba nyimbo, inu mwazembera kuseri kwa nyumba foni ili kukhutu: "Bwana, kasitomala akufuna timuchotsere madola 20 pa sofa, titani?"

Mnyamata amene akuimbayo si wopusa ayi. Wakhala nanu zaka zisanu, amadziwa kusiyanitsa thabwa louma ndi laliwisi pongoligogoda. Chimene simunamupatse ndi mphamvu yogamula. Ntchito timagawa, koma mawu omaliza timawaumira.

Ndiye poyambira ndi pamenepa. Sankhani munthu mmodzi akhale kapitawo, ndipo mumuikire malire omveka, a manambala. Mwachitsanzo: kuchotsera kasitomala mpaka madola 20, gamula wekha, kugula misomali, guluu ndi vanishi mpaka madola 50, usandifunse, ungosunga lisiti, ngongole kapena kulemba munthu ntchito, undidikire. Akayendetsa bwino miyezi itatu, kwezani malirewo.

Posankha pamafunika mtima wolimba. Mwambo wathu umatikokera kwa mphwathu kapena mlamu, ndipo ndikumvetsa, magazi ndi magazi. Koma yang'anani amene anzake amathamangira kwa iye makina akavuta, amene amabweza chenji osakumbutsidwa. Mukamusankha, mulengeze pamaso pa onse, ndipo malipiro ake akwere. Udindo wopanda kanthu m'thumba umabala kapitawo amene mawa adzatsegula malo ake pafupi ndi anu, n'kutenga makasitomala anu.

Kenako mumuonetse zimene mumabisa. Mtengo wa kabati mumauwerengera bwanji? Khalani naye pansi ndi kope: matabwa zakuti, mahinjesi zakuti, thiransipoti, lendi, malipiro a anyamata, phindu. Kuno ndalama zimabwera mitundumitundu, wina alipira madola a America, wina ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, wina atumiza pa foni kudzera pa EcoCash. Ngati zonsezi zikugwera mu foni yanu ya m'thumba, palibe angayendetse bizinesiyo inu kulibe. Pakhale nambala ya bizinesi payokha, ndi buku lolembamo tsiku ndi tsiku. Ndipo wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba m'buku. Uku si kukayikira munthu, n'kumuteteza ku miseche.

Tsopano mbali yowawa. Adzalakwitsa. Tsiku lina adzadula mtengo wotsika, phindu lonse n'kupita. Chonde musamukalipire pamaso pa kasitomala kapena anyamata, ndipo musasinthe zimene wagamula anthu akuona. Mukatero kamodzi kokha, onse adzadziwa kuti ukapitawo wake ndi wa dzina chabe, ndipo foni yanu iyambiranso kulira. Muitaneni madzulo, awiriwiri, mumufunse kuti anawerengera bwanji. Akabwera ndi vuto, musafulumire kuyankha, mufunseni, "Iwe ukuona kuti titani?" Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimenezi si za mabizinesi ang'onoang'ono okha. Strive Masiyiwa, amene anayambitsa kampani ya mafoni ya Econet, anachoka m'Zimbabwe m'chaka cha 2000, koma kampaniyo inapitirira kukula kuno ku Harare, ndipo kuyambira 2002 woiyendetsa anali Douglas Mboweni. Mwini wake ali kutali, ntchito ikuyenda m'manja mwa munthu amene anamukhulupirira.

Musadikire maliro kuti muyese. Sabata ikubwerayi sankhani tsiku limodzi, tinene Lachitatu. Siyani makiyi kwa kapitawo, mumupatse kope, mumuuze kuti chilichonse chimene akanakuimbirani foni achilembe m'menemo pamodzi ndi zimene wachita. Inu zimitsani foni, pitani ku Mbare Musika mukagule ndiwo. Lachinayi m'mawa muwerenge kopelo limodzi, mzere ndi mzere. Mwezi wamawa muchokepo masiku atatu.