Makalata a Omvera: Za Masitazi ndi PhD ya Fizikisi

Takulandiraninso omvera athu. Sabata ino makalata ambiri akufunsa za maphunziro apamwamba a fizikisi, ndiye tiwerengapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Zomba amene akumaliza digiri yoyamba. Akuti: "Ndamva kuti ku America munthu amalowa PhD alibe masitazi. N'zoona? Nanga fizi amalipira ndani, poti kwathu ndalama kulibe?"

N'zoona achimwene. Mayunivesite ambiri a ku America amatenga munthu wa digiri yoyamba n'kumulowetsa PhD mwachindunji, ndipo ulendowo umatenga zaka 5 kapena 6. Zaka ziwiri zoyamba mumakhala m'kalasi, mukulimbana ndi nthambi zikuluzikulu za fizikisi: classical mechanics, electromagnetism, quantum mechanics ndi statistical mechanics. Kenako m'mayunivesite ambiri pamabwera mayeso otchedwa qualifying exam, oona ngati ndinu woyenera kupitiriza PhD, ndipo apa m'pamene anthu amatuluka thukuta. Kawirikawiri amakupatsani mwayi wachiwiri, koma mukagwanso, amakupatsani masitazi ngati makosi munakhoza, n'kukutsanzikani. Wopambana amapeza pulofesa womuyang'anira, n'kuyamba kafukufuku woti atulukire chinthu chimene palibe anachilembapo. Pomaliza amalemba thesis, buku lofotokoza zimene wapeza pa kafukufukuyo, n'kukaiteteza pamaso pa komiti.

Za ndalama musade nkhawa kwambiri. Ophunzira PhD ya fizikisi kumeneko ambiri salipira fizi, ndipo amalandira kangachepe pamwezi chifukwa amaphunzitsa a chaka choyamba mu labu kapena kuthandiza pa kafukufuku. Chovuta n'kulowa. Adzafuna transcript yanu (pepala la magiredi anu a ku yunivesite), mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS, ndi makalata atatu okuchitirani umboni. Mayeso a GRE, olowera maphunziro apamwamba, mayunivesite ambiri anasiya kuwakakamiza, koma onani pa webusaiti ya yunivesite iliyonse. Pa makalata aja ndikuchenjezeni: kalata ya abusa kapena ya phungu wa kwanu siithandiza. Akufuna mphunzitsi amene anakuonani mukuvutika ndi pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, amene anganene mmene mutu wanu umagwirira ntchito zinthu zikakana.

Yachiwiri ndi ya aphunzitsi a sekondale ku Chipata. Akuti ali ndi digiri ya uphunzitsi, akufuna masitazi ku South Africa, koma yunivesite ina yawayankha kuti ayambe achita Honours. "Kodi sikundinyoza kumeneku?"

Ayi aphunzitsi, sikunyoza. Kumeneko BSc, digiri yoyamba ya sayansi, ndi ya zaka 3, Honours n'chaka chachinayi, ndipo khomo la masitazi lili pamenepo. Mapepala ochokera kunja amayamba awunikidwa ndi bungwe la SAQA, loona mulingo wa mapepala a maphunziro m'dzikolo. Digiri ya uphunzitsi imagawa nthawi pakati pa fizikisi ndi kaphunzitsidwe, choncho masamu monga differential equations ndi linear algebra amatsalira, ndipo popanda amenewa quantum mechanics simungaiyambe n'komwe. Ine ndikanakhala inu, Honours ndikanaivomera. Yang'ananinso ku AIMS, sukulu ya masamu ndi sayansi imene Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg, Cape Town, yomwe imalipirira zonse ophunzira a mu Africa amene yawasankha. Palinso ICTP, sukulu ya kafukufuku wa fizikisi ku Trieste, ku Italy, yomwe Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964. Ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ophunzira a m'mayiko osauka kuti akalowe PhD.

Yomaliza yandiseketsa pang'ono. Mayi a ku Kasungu akuti mwana wawo ali ku Britain chaka chachitatu tsopano, akuti akuchita PhD, koma sanamvepo kuti walemba mayeso. "Kodi sakundinamiza ameneyu?"

Mtima pansi mayi. Ku Britain ambiri amalowa PhD atamaliza kale masitazi, ndiye makalasi amakhala ochepa, ntchito yonse n'kafukufuku wa zaka 3 kapena 4. Mayeso aakulu amabwera kumapeto, amawatcha viva. Akatswiri awiri, mmodzi wochokera ku yunivesite ina, amakhala naye m'chipinda kwa maola angapo, kumufunsa tsamba ndi tsamba za thesis yake. Ambiri amauzidwa kuti akakonze zina ndi zina asanapatsidwe digiri. Akadzaimbanso foni, m'malo mofunsa za mayeso, mufunseni kuti thesis adzapereka mwezi wanji, ndiponso kuti womuyang'anira wawerengako mitu ingati.