Kugona m'malinga a m'mbali mwa mtsinje wa Rhine

Moni nonse, inu muli kumudzi ndi inu tikuzizidwa limodzi kunja kuno. Lero ndikuyankha achemwali ena amene anditumizira uthenga pa WhatsApp. Akuti anamva kuti ku Germany kuno munthu wamba angagone m'nyumba za mafumu akale, ndiye akufunsa ngati thumba la ife ogwira ntchito za mashifiti lingakwanitse. Achemwali, lingakwanitse ndithu, koma usiku umodzi wokha. Masiku enawo mukagone kwa anthu.

Dera lake ndi la pakati pa Bingen ndi Koblenz, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2002. Malinga alipo pafupifupi 40, eni dziko amati Burg. Musaganize kuti ankawamanga pofuna kukongoletsa mapiri. Ambiri anali malo okhometsera msonkho kwa ngalawa zamalonda, Chingeni wa nthawi imeneyo. Mukafika pa Kaub mudzaona lina, Pfalzgrafenstein, litakhala pakachilumba pakati penipeni pa madzi kuchokera m'zaka za m'ma 1320. Wamalonda akanazembera kuti?

Za kogona tsopano. Amene ali nazo apite ku Schönburg, pamwamba pa Oberwesel, kapena ku hotela yomwe ili pambali pa mabwinja a Rheinfels ku St. Goar, linga lomwe anayamba kumanga mu 1245. Kumeneko nkopita pokumbukira tsiku laukwati, osati ndi ana atatu ndi apongozi obwera kudzacheza. Ine mtima wanga uli pa Burg Stahleck, pamwamba pa tauni ya Bacharach. Ndi linga lenileni, koma analisandutsa Jugendherberge, malo ogona otchipa. Dzinalo lisakunamizeni kuti nkwa achinyamata okha, mabanja amagonako. Mumafunika khadi la umembala la DJH, bungwe la malo ogona oterewa ku Germany kuno, ndipo m'chilimwe mukachedwa kubukitsa mudzapeza ana asukulu adzaza kale. Mabedi ena ndi osanjikizana ngati kusukulu yogonera konko. Koma m'mawa mukatuluka pabwalo ndi kapu ya khofi, minda ya mphesa ili mmunsimu, ngalawa zazitali zonyamula katundu zikukwera mtsinje pang'onopang'ono, simudandaula ndalama yanu. Kungoti mukasiya galimoto m'tauni, masitepe okwera kumeneko si masewera. Chikwama chikhale chaching'ono.

Masiku otsalawo yang'anani zikwangwani zolembedwa Zimmer frei, Pension kapena Gästehaus. Nthawi zambiri ndi banja lolima mphesa lomwe lili ndi zipinda zingapo pamwamba. Ena sali pa Booking.com nkomwe, umachita kuimba foni, Chijeremani chako chothyokathyokacho nkumagwira ntchito. Nyamulani ndalama m'manja, si onse amalandira khadi. Muwauzenso nthawi yomwe mufike, chifukwa kuno kulibe mlonda wapageti woti akutsegulireni pakati pausiku.

Chomwe zithunzi za pa intaneti sizikuuzani ndi sitima. Njanji inadutsa mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo sitima zakatundu zimayenda usiku wonse. Pagesitihausi ina tinapatsidwa chipinda choyang'ana mtsinje, ife nkumasangalala kuti talemekezedwa. Usiku mawindo ankachita kunjenjemera. Pobukitsa funsani chipinda chakumbuyo, chakuphiri. Mtsinjewo mudzauona masana.

China ndi mlatho. Kuchokera ku Mainz mpaka ku Koblenz kulibe mlatho wa galimoto. Msewu wa B9 uli tsidya la Bacharach ndi St. Goar, wa B42 tsidya la Rüdesheim ndi thanthwe lotchuka la Loreley. Kuwoloka nkwa pantoni, ndipo ambiri sayenda usiku wonse. Ndiye musanalipire chipinda, onetsetsani kuti chili tsidya liti, mungadye chakudya chamadzulo mukuyang'ana bedi lanu kutsidya, pantoni womaliza atapita.

Mwezi wa September kumakhala makombola a chikondwerero cha Rhein in Flammen ku Oberwesel ndi St. Goar, zipinda zimatha msanga. M'nyengo yozizira malo ena amatseka. Ine ndingasankhe May kapena kumayambiriro kwa October, pamene akukolola mphesa.

Achemwali, mukapita mudzatiuze momwe mawondo anachitira pa masitepe a Stahleck. Sabata yamawa tikamba za laisensi yoyendetsera galimoto kuno. Tsalani bwino.