Makalata a Omvera: Kaphiri ka Solsbury

Moni nonse kumene mukumvera. Thumba lamakalata ladzaza sabata ino, ndipo ndiyamba ndi achimwene ena oimba gitala a ku Zomba. Akufunsa kuti: "Nyimbo ya Peter Gabriel ya Solsbury Hill imatanthauzanji? Nanga bwanji tikamayeserera, woimba ng'oma wathu amangosochera?"

Achimwene, kalata yanu yandikhudza. Gabriel anali mtsogoleri wa mawu m'gulu la Genesis ku England. Mwana wake woyamba anabadwa movutikira mu 1974, maulendo osatha anali atamutopetsa, ndipo mu 1975 anachoka gululi likutchuka. Phil Collins, woimba ng'oma, ndiye anatenga maikolofoni. Nyimboyi inatuluka mu 1977, yoyamba Gabriel ali payekha, ndipo inafika pa nambala 13 ku Britain. Solsbury ndi kaphiri kenikeni pafupi ndi mzinda wa Bath. M'nyimbomo munthu wakwera pamwamba usiku, magetsi a mzinda akuthwanima kumunsi, chiwombankhanga chatulukira mumdima, mtima ukugunda thi thi thi, ndiye mawu akumuuza kuti alongedze azipita kwawo. Mwiniwake anafotokoza kuti nkhani yake ndi kulolera kusiya zomwe wagwira m'manja chifukwa cha zomwe ungapeze kutsogolo.

Wang'omayo musamukalipire, si ulesi! Nyimbo zambiri timawerenga mpaka 4, koma iyi mpaka 7. Werengani 1-2-3-4, 1-2-3, n'kubwerera pa 1. Wozolowera zinayi amadikira kugunda kwa nambala 8 komwe kulibe, ndiye amalowa mochedwa ndipo onse amabalalika. Yambani ndi kuwomba m'manja mokha, ng'oma yaphazi izigunda pa nambala iliyonse. Chenjerani kumapeto kwa kolasi, pamenepo imabwerera mu zinayi kwakanthawi. Nyimboyi ili mu kiyi ya B. Ikani kapo (kachipangizo kopanira zingwe za gitala) pa fret yachiwiri, kutanthauza mpata wachiwiri pakhosi la gitala, muzigwira makodi a A, D, E ndi F#m.

Amayi a ku Mzuzu, mwafunsa ngati ndi nyimbo yauzimu: mwamva bwino, m'nyimbomo muli mawu a madzi osanduka vinyo, koma si nyimbo yatchalitchi ayi.

Tsono makalata angapo akudandaula za anyamata othawa m'magulu oimba osatsazika, ena atanyamula zingwe ndi sipika. Ana anga, zimenezi zimandiwawa. Gabriel anauza anzake kumapeto kwa 1974 kuti achoka, komabe anaimba nawo ulendo wonse mpaka unatha mu Meyi 1975. Inu mukuzimitsa foni Lachisanu pomwe Loweruka kuli ukwati ndipo chikole munadya kale. Akwati avine ndi chiyani, mabeseni? Kuchoka chokani, palibe wamangidwa chingwe, koma malizani zomwe munalonjeza ndipo bwezani zida za eni.

Agogo a ku Dedza, mwati tiibwereze chifukwa batire ya wailesi inatha pakati. Kwezani pang'ono, agogo, nayi ikubwera.