Kabwalo kozungulira pa vidiyo: bitrate, bandwidth, buffer ndi latency

Moni nonse, takulandirani. Aliyense amene amaonera mavidiyo pa intaneti amakadziwa kabwalo kaja kamene kamazungulira pakati pa sikirini chithunzi chikaima, ndipo ambirife timangoti netiweki yavuta. Mawuwo si olakwika, koma amabisa mavuto angapo osiyana, ndipo lililonse lili ndi dzina lake. Lero titsatira ulendo wa vidiyo kuchokera pa seva, kompyuta imene imasunga vidiyoyo, mpaka pa foni yanu, kuti mayinawo amveke.

Tiyambe ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa mabiti amene mawu kapena vidiyo imafuna pa sekondi iliyonse. Biti ndi kachidutswa kochepetsetsa ka data, 0 kapena 1, ndipo mabiti 8 amapanga baiti imodzi. Pa CD mawu amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi, muyezo uliwonse umatenga mabiti 16, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja payokhapayokha. Mukachulukitsa mupeza mabiti 1,411,200 pa sekondi. Vidiyo ndiye imachita kunyanya, pakuti chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho topitirira 2 miliyoni, ndipo zithunzi 30 pa sekondi, zikapanda kupanikizidwa, zimafuna mabiti pafupifupi 1.5 biliyoni.

Katundu wotere sangayende osachepetsedwa, ndipo ntchito yomuchepetsa ndi ya codec. MP3, imene mbali yaikulu inapangidwa ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, imataya mawu amene khutu silikanawamva, monga kaphokoso kofooka kamene kamizidwa ndi ng'oma yamphamvu, ndipo nyimbo ija imatsikira pa mabiti 128,000 okha pa sekondi. H.264, codec ya vidiyo imene inavomerezedwa mu 2003, imachita mochenjera kwambiri. Taganizirani wowerenga nkhani ali pa desiki: khoma la kumbuyo kwake silisuntha, tayi yake ili pomwepo, zikusintha ndi milomo ndi zikope basi. Codec imatumiza chithunzi chathunthu chimodzi, chotchedwa keyframe, kenako imangotumiza zimene zasintha. N'chifukwa chake mvula, udzu wa m'bwalo la mpira kamera ikamatembenuka, kapena khamu la anthu akulumpha, zimaoneka ngati timabokosi tophwanyika: zonse zikusintha nthawi imodzi, ndipo mabiti akupelewera. Ndiwonjezere apa kuti MP4 si codec, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Ndi chotengera chabe chimene chimanyamula vidiyo, mawu ndi malemba pamodzi.

Bandwidth ndi kukula kwa njira imene dataayo imadutsamo, ndipo imayezedwa mu Mbps, mamiliyoni a mabiti pa sekondi. Samalani ndi chilembo b chaching'onocho: Mbps 40 si mamegabaiti 40, koma 5 okha pa sekondi. Komanso nambala imene kampani imalengeza ndi malire chabe. Liwiro lenileni limene mukulandira panthawiyo limatchedwa throughput, ndipo limatsika anthu ambiri akamagwiritsa ntchito njira imodzi.

Tsono kabwalo kaja kamabwera bwanji? Vidiyo imafika m'timaphukusi totchedwa mapaketi, kalikonse kosapitirira mabaiti pafupifupi 1,500, ndipo foni yanu imayamba yawasonkhanitsa m'nkhokwe yotchedwa buffer isanakuonetseni. Throughput ikakhala pamwamba pa bitrate, nkhokwe imadzaza; ikakhala pansi kwa nthawi yaitali, nkhokwe imatha, chithunzi n'kuima. Pofuna kupewa zimenezi, njira monga HLS, imene Apple inatulutsa mu 2009, ndi MPEG-DASH zimadula vidiyo m'zidutswa za masekondi ochepa, chilichonse chitasungidwa m'milingo ingapo ya bitrate. Nkhokwe ikayamba kuchepa, foni imapempha chidutswa chopepuka. Kotero nkhope ikachita chimbuuzi kwa kanthawi n'kuyeranso, palibe chawonongeka; foni yasankha kukuonetsani chithunzi chosawala m'malo moima.

Koma liwu limene ndikuona kuti limasokonezedwa kwambiri ndi latency, nthawi imene paketi imodzi imatenga pa ulendo wake, yoyezedwa m'mamilisekondi (mamilisekondi 1,000 amapanga sekondi imodzi). Njira ikhoza kukhala yotakata koma yaitali. Setilaiti ya mtundu wa geostationary, imene imaoneka ngati yaima malo amodzi kumwamba, ili pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pansi, ndipo funso lodzera kumeneko limayankhidwa patatha pafupifupi theka la sekondi, bandwidth ikhale yaikulu motani. Poonera filimu zimenezi sizivuta, chifukwa buffer imabisa kuchedwako. Pokambirana ndi munthu zimavuta kwambiri: bungwe la ITU, loona za matelefoni padziko lonse, limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kupita mbali imodzi, ndipo kuchedwa kukakula anthu amayamba kudulana pakamwa, aliyense poganiza kuti mnzake wamaliza. Mapaketi akamafika mosinthasintha, ena msanga ena mochedwa, vutolo limatchedwa jitter, ndipo ndi limene limachititsa mawu kumveka odukaduka.

Apa ndi pamene TCP ndi UDP, njira ziwiri zotumizira mapaketi, zimasiyanirana. TCP imatumizanso paketi iliyonse yotayika, zimene zimayenera filimu; mapulogalamu oimbirana foni pa intaneti amakonda UDP, imene siidikira, chifukwa chidutswa cha liwu chobwera mochedwa chilibenso ntchito. Mtunda wokha umafupikitsidwa ndi CDN, gulu la maseva omwazikana m'mayiko ambiri amene amasunga mavidiyo pafupi ndi oonera.

Kuulutsa mpira pompopompo kumaonetsa kuti buffer ndi latency zimakokana. Chidutswa chilichonse chiyenera kujambulidwa chonse, kupanikizidwa, kutumizidwa, kenako kudikira m'nkhokwe pamodzi ndi zinzake ziwiri kapena zitatu. Nkhokwe ikakula, kabwalo kaja sikaoneka, koma mumatsalira m'mbuyo ndi masekondi makumi angapo, ndipo mnzanu womvera pa wailesi amakuwa kuti chigoli chalowa pamene pa foni yanu mpira udakali pakati pa bwalo.