Ana a sukulu m'malo mwa mabwana? Bodza lomwe landitopetsa

Moni moni abale, mwalandiridwanso pa tchanelo chathu. Akatswiri akamafufuza mmene anthu amapangira zisankho pa bizinesi, nthawi zambiri sapita kwa mabwana, amangoitana ophunzira a pa yunivesite. Chifukwa chani? Tithamange.

Choyamba, ali pafupi, kalasi ili pomwepo. Chachiwiri ngotchipa, kandalama kochepa abwera, pomwe bwana wa kampani kuti akupatseni ola limodzi mudikira mpaka mutatopa. Vuto lenileni la zimenezi tibwererako, ndiyambe kaye ndi chomwe chimandinyansa.

Anthu amati "aaa mwana wa sukulu sanagulitsepo kanthu, akadafunsa akatswiri enieni sakadalakwitsa choncho." Bodza limenelo! Mu 2005 Michael Haigh ndi John List anatenga ma trader a ku Chicago Board of Trade, msika waukulu wa ku America, anthu oti ndalama ndiye ntchito yawo tsiku ndi tsiku, nkuwayerekeza ndi ophunzira. Masewera ake anali obetcha: mwayi wowina ndi umodzi pa itatu, koma ukawina phindu lake ndi kawiri ndi theka ya zomwe waika, ndiye ukawerengetsa bwino kubetchako kumalipira. Gulu lina limaona zotsatira ulendo uliwonse, lina limaona pakadutsa maulendo atatu. Owona pafupipafupi aja kuluza kumawawawa, basi nkuyamba kubetcha ndalama zochepa. Ndiye tangoganizani, ndani anagwa kwambiri mu msampha umenewu? Ma trader aja! Kuposa ana a sukulu. Imani kaye, dinani subscribe ndi kabelu kaja, ena mumangoonera osadina, ndikukuonani.

Sindikuti ophunzira ndi mabwana ndi amodzi ayi. Ku Costa Rica, Ernst Fehr ndi List yemweyo anapeza kuti pa masewera otumizirana ndalama, mabwana a makampani a khofi amakhulupirira anzawo komanso kubweza ndalama kuposa ophunzira. Kusiyana kulipo, kungoti sikuti nthawi zonse bwana ndiye wanzeru.

Tibwerere ku vuto lija. Vuto lenileni ndi loti ophunzirawo ndi ochokera kuti. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anadandaula kuti 96% ya anthu oyesedwa m'magazini akuluakulu a psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la anthu) amachokera m'maiko okhala ndi 12% yokha ya anthu padziko. Vidiyo yotsatira tikaona anthu a mtundu wa Machiguenga a ku Peru, momwe anasokonezera akatswiri pa masewera ogawana ndalama, musaphonye.